Magalimoto othamanga pa dothi ku chionetsero cha zaulimi, kuno ku Mangochi zingatheke?

Mfana wa pa M'baluku

Akuluakulu ndithandizeni pano, dzulo ndagona mochedwa chifukwa cha kavidiyo kena kamene kanangonditulukira pa Facebook ine ndikusaka zigoli za mpira. Timagalimoto tina tooneka ngati ngolo, matayala onse ali poyera opanda madigadi, pamwamba tasenza chilata chachikulu ngati denga la khitchini loti mwera walisasula, nde tikuzungulira bwalo la dothi liwiro lake losanena. Pofika pa kona sitikhota mmene galimoto imakhotera ayi, timalowa chammbali, mphuno kuloza mkati mwa bwalo kumbuyo kuli kunja, fumbi lili koboo kupita kwa anthu. Anthuwonso osathawa, angokhala pa mabenchi ndi ana awo akudya chimanga. Chakumbuyo uko kukuoneka makola a ng'ombe ndi mathirakitala. Woponya vidiyoyo ati ndi ku America, pa chionetsero cha zaulimi cha boma lina la kumudzi.

Bandulo yanga ya sabata yathera pomwepo kkkk, paja ukaonera imodzi amakubweretsera inzake.

Zomwe sindikumvetsa nzambiri. Bwanji amayenda chammbali, si kutaya nthawi kumeneko? Nanga chilata chija nchachani? Nde china chinandiseketsa, asanayambe kumabwera mapikapu kudzawakankha kumbuyo kuti alire, ndinati aaa kani ngakhale kwa azungu batire limafa ngati ma Sienta athu a pa depoti.

Koma funso langa lenileni ndi ili. Chaka chatha ndinapita ku chionetsero cha zaulimi pa bwalo la sukulu ina, kunali mbuzi, nandolo, mpunga, ufa wa chinangwa, a beni anavina bwino ndithu, kenako zolankhula zinayamba, pofika 2 koloko achinyamata tonse tinali titabalalika kwatsala azigogo ndi a komiti okhaokha. Nde ndimaganiza, kutakhala kampikisano ka magalimoto madzulo ake ngati kwa anzathuwo, si anthu angadzaze? Kuseri kwa kwathu kuli dambo lalikulu lomwe chilimwe chonse limangokhala. Amakaniko tili nawo, madalaivala amisala tili nawo ochuluka kuposa ofunika. Chikusowa nchani? Amene mukuzidziwa bwino tandimasulireni.

Che Sipanala

Mphwanga, batire silinafe ayi, sitata yeniyeniyo mulibe m'menemo. Zimene waonazo amazitcha sprint car, ife a pa galaja timazionera kwambiri tikasowa kasitomala. Galimoto imene ija anaichotsa chilichonse chimene sichiithandiza kuthamanga. Sitata mulibe, kilatchi mulibe, giyabokosi ngati yomwe tikuidziwa ifeyi mulibe, pali kachitsulo kamodzi kolowetsa ndi kutulutsa basi, kakalowa ndiye kuti injini ndi matayala akumbuyo zagwirana. Nchifukwa chake amaikankha, ndipo ikazima pakati pa mpikisano dalaivala amangokhala phee kudikira womukankha. Magalasi oonera kumbuyo mulibenso, mnzako akamabwera umangomumva kulira kwa injini.

Injini ndi V8, zikuluzikuluzo amati ma 410, ndi muyezo wawo wa kukula kwa injini, kwathu kuno tinganene malita 6.7. Mphamvu yake imafika mahosipawa 900 pomwe galimoto yonse ndi munthu wake yemwe imalemera makilo pafupifupi 650. Tayerekeza ndi Sienta wanenayo, injini malita 1.5, mahosipawa ongopitirira 100 pang'ono, kulemera kupitirira tani, apo usanalongemo anthu ndi madengu a usipa.

Tsono za kuyenda chammbali. Tenga ndowa yachitsulo yotungira madzi ija, yotambalala kukamwa yochepa kunsi, uigoneke pansi nkuikankha. Siipita mowongoka, imazungulira yokha kutsata mbali yaing'onoyo. Ndi zomwe anachita kumbuyo kwa galimoto ija, tayala lakumanja ndi lalikulu ndi lotakata, lakumanzere locheperapo, ndipo onse ali pa ekiselo imodzi yopanda difu, amazungulira limodzi. Poti mpikisano wake amangokhotera kumanzere kokhakokha, galimotoyo imafuna yokha kukhota, ntchito imakhala poti uiyendetse mowongoka. Nde pa dothi tayala siligwira ngati pa tala, ukati uchepetse liwiro ukhote mwaulemu anzako onse akudutsa. Amaiponya chammbali asanafike n'komwe pa kona, matayala akumbuyo akupalasa dothi kuikankhira mkati, chiwongolero atachipotolera kumanja pamene galimoto ikupita kumanzere. Amene anayendetsapo pa matope a Febuluwale njira za kwa Katuli akudziwa zimenezi, kumbuyo kukathawira kumanja iwe umakutsatira konko ndi chiwongolero, ukangoponda buleki wagona mu ngalande. Kusiyana kwake nkoti ife zimatigwera mwangozi thukuta lili kamukamu, iwo amachita dala kona iliyonse, ndipo chomwe chimakhotetsa kwambiri ndi phazi la pa moto osati manja.

Chilata chija ndi phiko la ndege lozondotsa. La ndege limanyamula, ili limakanikizira galimoto pansi kuti matayala alume dothi. Kukula kwake ngati mita imodzi ndi theka uku ndi uku, ndipo dalaivala amatha kulisuntha kutsogolo kapena kumbuyo ali paliwiro. Galimoto ikagubuduzika, zomwe sizisowa poti matayala ali poyera akangokwerana ndi a mnzako umauluka, chilatacho chimayamba ndicho kuphwanyika nkuchepetsako mphamvu yomwe ikanafika pa munthu. Ziliponso zina zopanda phiko, zimenezo nde zimavina koopsa.

Mafuta ake si petulo, ndi methanol. Osasokoneza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amene amasakaniza mu petulo wathuyu, ameneyo ngochokera ku nzimbe. Methanol ndi poizoni, ukamwa umachita khungu kapena kufa kumene, ndipo akayaka masana lawi lake silioneka bwino, munthu amatha kumapsa anzake osaona moto. Ndanena dala izi chifukwa ndikukudziwani anyamata a masiku ano, wina wayamba kale kuganiza zothira kachasu mu thanki.

Nachisale wa ku Malindi

Achimwene mwandikumbutsa kutali. Ine ndinakhalako ku Iowa, chigawo china cha ku America, zaka ziwiri pa maphunziro a zaulimi, kumeneko zimenezi zili ngati mpira wa Loweruka kwathu kuno. Muyambe mwamvetsa kaye chionetserocho. Iowa yokha ili ndi timaboma 99 tomwe amati ma county, pomwe ife Malawi yense maboma ndi 28, ndipo pafupifupi kalikonse kamachita chionetsero chake nyengo yawo yotentha, Julaye kapena Ogasiti. Malo ake ndi okhazikika osati kubwereka bwalo la sukulu tsiku limodzi, pali makola, mashedi ndi mabenchi okwera m'mwamba. Ana a sukulu amabwera ndi ng'ombe, nkhosa, nkhumba zomwe aweta okha, amazisambitsa mpaka kuzipesa ubweya, oweruza nkupereka mphoto. Bwalo lozungulira lija poyamba silinali la magalimoto, linali la mpikisano wa mahatchi, alimi kuyesana kuti ya ndani ili ndi liwiro. Magalimoto atabwera anangolowa m'mabwalo omwewo. Nchifukwa chake ambiri akalewo ndi theka la mailo, mamita ngati 800, ena ndi aafupi mamita 400 ngati njira yothamangamo anthu ija yozungulira bwalo la mpira.

Lotchuka kwambiri ndi la ku Knoxville, pa malo a chionetsero cha Marion County. Magalimoto anathamangapo koyamba mu 1901, ndipo kuyambira 1961 kumachitika mpikisano waukulu wa Knoxville Nationals, masiku ano umakhala mu Ogasiti. Katauni kake nkakang'ono, anthu sakwana 8,000, koma mabenchi a pabwalopo amakhala anthu oposa 20,000, muone nokha mmene kumakhalira sabata imeneyo. Steve Kinser anapambanapo ka 12, Donny Schatz ka 11, Kyle Larson wa ku NASCAR, mipikisano ina yotchuka ya magalimoto ku America, anatenga mu 2021, 2023 ndi 2024. Dothi la pamenepo ndi lakuda lomata, longa makande athuwa.

Ine komwe ndinapita si kumeneko, anzanga a m'kalasi ananditengera ku kachionetsero kakang'ono Lachisanu lina madzulo. Ndinavala bulauzi yoyera, iwo osandiuza kanthu akungoyang'anana nkumaseka. Tinakhala mzere wachitatu pafupi ndi kona yoyamba. Mayi wina wachikulire pambali panga anandipatsa timasiponji tiwiri toika m'makutu, ine nkukana ndi ulemu wathu uja, ayi zikomo ndili bwinobwino. Mbendera yobiriwira yoyambitsira mpikisano itangogwedezeka ndinatipempha ndekha kkkk. Phokoso lake silithera m'makutu, limagunda pachifuwa ngati waima pafupi ndi ng'oma yaikulu ya beni. Kenako timibulu ta dothi tinayamba kugwa ngati matalala, m'tsitsi, pamiyendo, mu kapu ya chakumwa, pocheuka ndinaona aliyense wavindikira kapu yake ndi dzanja, ozolowera. Maso kuyabwa ndi utsi wa methanol anena a Che Sipanalawo. Ndinabwerera kunyumba ndikutafuna dothi, bulauzi ija sinayerenso mpaka ndinaisandutsa chokolopera. Madalaivalawo pa galasi la helemeti amamatapo timapepala ta pulasitiki tambiri tosanjikiza, kapamwamba kakada ndi matope amakasolola nkutaya ali paliwiro lomwelo.

Koma chomwe ndikufuna mumve achimwene nchoti sprint car zija nza anthu a ndalama. Usiku umenewo zinali zowerengeka, ambiri anali magalimoto akale wamba, ena a masilinda 4 ngati athu omwewa, achotsa magalasi ndi mipando, awotcherera mapaipi mkati ngati khola, zitseko zosatsegukanso dalaivala kulowera pawindo, nambala yopenta ndi bulashi, m'mbali alemba dzina la golosale ya pa tauni pawo kapena la wogulitsa matayala. Oyendetsa ndi alimi, amakaniko, panali ndi mtsikana wa kusekondale amalume ake ndi amene amamumangira mawilo. Amayamba ndi timipikisano tatifupi m'magulumagulu, ochita bwino nkukakumana mu waukulu womaliza, ndipo mphoto yake nthawi zambiri siibweza zomwe munthu waononga. Kuli bungwe lina loyendetsa mipikisano ya magalimoto lotchedwa IMCA, linayamba mu 1915, lomwe linaika lamulo londisangalatsa m'magulu ena: ukamaliza patsogolo mnzako wopikisana naye amaloledwa kugula injini yako pa mtengo wotsika woikika kale, ukakana amakulanga. Cholinga nchoti wolemera asabwere ndi injini ya mamiliyoni kudzapondereza anzake, poti akudziwa kuti atha kumulanda.

Lifo Yofiira

Kkkkk mabwana mukuvutikiranji ndi za ku America, mpikisano ulipo kale tsiku ndi tsiku kuchoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kukwera Chowe mpaka Namwera, kungoti palibe wogwedeza mbendera. Tipatseni bwalo lokhalo ife a kabaza tibwera ndi njinga zathu, wopambana mbuzi basi. Koma lamulo logula injini lija asisi musabweretse kuno, njingayi ndi ya bwana, ndikabwerera madzulo yopanda injini ndikagona ku polisi.

Wa Bawuza

Ine ndagwira ntchito ya misewu zaka zambiri, kuyendetsa bawuza ndi kuthandizira pa giredala, nde ndiyankhe funso lija loti kuno zingatheke. Nonse mukuyang'ana galimoto, ine m'mavidiyo amenewo ndimayang'ana pansi. Lija si dothi longolipeza ayi. Ndi dothi lomata lochita kusankha, ena amakalitenga kutali ndi malole, ndipo pamakhala munthu amene ntchito yake sabata yonse ndi kulitipula, kulithirira, kulisalaza ndi kulitsendera. Tsiku la mpikisano amathira madzi mpaka alowe pansi, kenako magalimoto amazungulira pang'onopang'ono kuliponda kuti lilimbe koma likhalebe ndi chinyezi, loti ukaponda nsapato imamata pang'ono. Fumbi likachuluka ngati mu vidiyo mwaonayo, kwa eni akewo si zabwino, ndiye kuti bwalo lauma.

Ndipo bwalolo limasintha usiku ukamapita. Pakati pamauma nkumaterera ngati simenti yopaka polishi, dothi lomwe matayala akutaya limaunjikana kumtunda kwa kona nkupanga kamzere ngati ka mbatata, madalaivala ena amakatsamiza tayala lakumanja pamenepo, ena amakakamira kumunsi komwe kwatsala chinyezi. Dolo ndi amene amawerenga dothi kuti lasamukira kuti. Nchifukwa chakenso ambiri amathamanga dzuwa litapepa.

Tsopano bwerani kuno kwathu. Malo ambiri a m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire ndi mchenga. Mchenga sumata, ungathire madzi bwanji umangomwa, pakatha ola uli mbuu, ndipo tayala likapalasa limakumba dzenje mmalo moterera. Galimoto ikalowa chammbali pa mchenga tayala lakunja limazama, chotsatira ndi kugubuduzika basi. Dambo mukunenalo mwina ndi makande, ndipo asisi anena zoona kuti la ku Knoxville ndi lotero, koma makande ndawagwirapo ine, akanyowa ndi sopo ngakhale thirakitala imavina, akauma amang'ambika ming'alu yolowa phazi la mwana nkulimba ngati njerwa yootcha. Pakati pa kunyowa ndi kuuma pali kanthawi kochepa kamene amakhala bwino, ndipo ndi dzuwa la Okutobala la kuno kanthawi kameneko nyemba sizingapse. Anzathuwo amakwanitsa chifukwa zipangizo ndi madzi zili pomwepo usiku wonse. Katondo wa kumtunda mbali za Namwera ndi amene ndingamukhulupirire, komanso kumeneko kumazizirako madzi sauma msanga.

Tiwerengere limodzi. Bwalo la mamita 400 kuzungulira, mulifupi tingoti mamita 15, ndi masikweya mita 6,000. Kungothira madzi okwana sentimita imodzi ponsepo ndi malita 60,000, bawuza ya malita 10,000 ndi maulendo 6, ndipo simuthira kamodzi. Madzi tili nawo, Shire ndi uyo Malombe ndi uyo, koma bawuza imamwa dizilo, ndipo mukudziwa nokha mmene timagonera pa mizere mafuta akasowa. Makona nawo amafuna kukweza kunja kuti apendekere mkati, imeneyo ndi ntchito ya giredala masiku angapo. Sindikuti sizingatheke, koma zongolambula dambo ndi makasu nkuzika mbendera ayi ndithu.

Amake Tadala

Pepani ndikuonongereniko chisangalalo. Ine ndimagwira ntchito pa chipatala china konkuno, ndipo mpikisano akunena a Lifo Yofiirawo amene timaulandira usiku ndi ife. Mnyamata kubwera mwendo utathyoka fupa lili panja, helemeti anaikoleka pa chigongono ati kumatentha, wokwera wake mayi wa mwana kumbuyo naye mutu watupa. Zikakula timatumiza ku Zomba kapena ku Blantyre komwe ndi makilomita pafupifupi 200, munthu akubuula njira yonse, achibale akusonkherana ndalama pa khonde. Nde ndikamva zoti tiwonjezereponso magalimoto mtima umandigunda.

Achimwene a pa M'baluku, bandulo ikabwera mukaonenso vidiyo yanuyo, koma ulendo uno muyang'ane pakati pa magalimoto ndi anthu. Pali khoma la konkire kapena zitsulo, pamwamba pake waya wamtali wolimba wopindikira mkati wokokedwa ndi zingwe zachitsulo, woti tayala likaduka kapena galimoto ikauluka ikodwe pomwepo. Nchifukwa chake anthu aja akudya chimanga mosatekeseka. Pabwalo pomwepo pamakhala ambulansi ndi ozimitsa moto. Dalaivala wavala ovolosi yosagwira moto, wamangidwa malamba m'mapewa m'chiuno ndi pakati pa miyendo, khosi nalo lili ndi chogwirizira. Ndi zonsezo anthu amafabe. Bryan Clauson, katswiri weniweni wa masewera amenewa, anamwalira mu Ogasiti 2016 atachita ngozi pa bwalo la dothi ku Belleville m'chigawo cha Kansas, ali ndi zaka 27 zokha.

Nde ganizani kwathu kuno. Pa mpira wokhawu chigoli chikalowa anthu onse amakhamukira m'bwalo, chingwe chomwe amamanga m'mbali chija ana amangodutsa pansi, ogulitsa mafiriziti amayenda paliponse. Mbuzi nazo sizidziwa mbendera yofiira yoimitsira mpikisano. Inu mukufuna galimoto ikubwera chammbali kutsogolo kwake kuli chingwe cha khonje ndi chigulu cha ana atakhala pansi. Masewerawo sindikuwakana, mwina bwalo lenileni lingachotseko anyamata ena pamsewu, ndipo lamulo loti wopanda helemeti yomanga salowa lingawazoloweretse. Koma ndalama yoyamba ipite ku khoma ndi waya, yotsatira ku ambulansi yoti ili ndi mafuta, galimoto ibwere kumapeto. Mukati muyambire galimoto mundiuziretu tsiku lake ndisapite ku ofu.

Mjoni wa kwa Chimwala

Amwene musapite kutali mpaka ku America, kuno ku Joni ziliko. Mabwalo ozungulira a dothi alipo, ku Cape Town kuli Tygerberg Raceway. Koma chomwe chimadzaza anthu m'malokishi ndi spinning, BMW 325i yakale ija amaitcha gusheshe, kuizungulitsa pamalo amodzi utsi wa matayala uli tolotolo, dalaivala kutuluka nkumayenda pambali galimoto ikuzungulira yokha. Zinayambira m'misewu ya ku Soweto zaka za m'ma 1980, kawirikawiri pa maliro a akuluakulu a zauchifwamba, apolisi ankachita kuthamangitsa, pano ndi masewera ovomerezeka ali ndi mabwalo otchinga anthu amalipira pageti. Nde zomwe anena amayiwo nzoona, bwalo limathandiza.

Koma matayala amwene! Munthu usiku umodzi amaphulitsa mapeya angapo anthu akuombera m'manja. Kwathu tayala likatha timapangira nkhwaira ndi mphira zomangira katundu pa njinga, silitayidwa. Ndani angapereke Sienta yomwe ikudyetsa banja ndi kulipira fizi kuti muichotse magalasi? Kwa azungu aja galimoto yakale ndi chinyalala, mpaka pa zionetsero zomwezo amachita masewera ongogundanitsa magalimoto kuti itsale imodzi yoyenda, ndipo amagunda chobwerera kumbuyo kuteteza rediyeta. Kumudzi mutachita zimenezo azigogo angakomoke kkkk.

Ine ndimati muyambe ndi njinga zakapalasa. A kabaza opalasa pa Boma alipo ambirimbiri, miyendo ngati mitengo ya mgwalangwa, muwazungulitse bwalo aliyense atanyamula thumba la chimanga, muone ngati anthu angabalalike 2 koloko. Wina akagwa ndi kusupuka bondo basi.

Che Sipanala

Mjoni, magalimoto otayika aliko. Pa galaja panga pali Corolla yomwe yakhala pansi pa mango zaka zinayi, mwini wake anapita kukasaka ndalama ya gasiketi mpaka lero, nkhuku zikuikira mazira mu buti. Injini ndingaidzutse. Chomwe sindingachite ndi kuwotcherera khola lija ndi mapaipi a madzi kapena timachubu topangira mipando iti, amenewo galimoto ikagubuduzika amapindika kapena kuduka pa joini nkubaya munthu yemwe amati amuteteze. Pamafunika chubu chokhuthala chopanda msoko ndi wowotcherera wodziwa, osati wa mageti. Amake Tadala anena zoona, ine ndili ndi zidzukulu zomwe zingakhale kutsogolo kwa chingwe chija.

Mfana wa pa M'baluku

Eee zikomo nonse, sindimayembekeza kuti ndiphunzira chonchi. Vidiyo ija ndaioneranso pa foni ya mnzanga, amayi waya uja ulipodi, wamtali kuposa nyumba, dzana sindinauone n'komwe maso anali pa chilata. Ndowa nayo ndayesa madala, yazunguliradi, mayi anga amangondiyang'ana kuti mwanayu wayamba liti kusuta.

A Bawuza, m'mawa uno ndinapita ku dambo kuja ndi chikwanje. Pamwamba ndi mchenga wosakanikirana, ukakumba kuya ngati chikhato chimodzi nde kukubwera dothi lakuda, ndanyowetsa ndi madzi a m'botolo nkufinya lamata ngati phula mpaka kukanirira m'zala. Ndili mkati mokumba atulukira agogo ena ndi khasu paphewa kundifunsa kuti ndikufuna chani m'munda mwawo, kani dambo lomwe ndimati limangokhala lija dzinja lonse amalimamo mpunga ndipo ndime iliyonse ili ndi mwini wake. Nditawauza za magalimoto anandifunsa kuti ndine mwana wa ndani, nditatchula anangoti akawaona bambo ako madzulo. Nde panopa ndikuganiza zokagona kwa anzanga kkkk.

Za njinga zakapalasa zija ndazikonda, ndikalankhula ndi mkulu wina wa mu komiti ya chionetsero amene timapemphera limodzi. A Lifo Yofiira mbuzi ija iwalani kaye, tiyambira tambala. Dothi lija ndalisunga mu jumbo a Bawuza, mukamadutsa kuno mudzalifinyeko nokha.